Zala za Mayi Lasitiki

Ana inu a mlongo wanga, Mayi Lasitiki sankapereka moni ngati anthu ena. Ukatambasula dzanja, iwo ankatsina khungu la kuseri kwake, kulikoka, kulisiya, n'kuyang'anitsitsa ngati libwerere msanga. Anali telala pakhonde la sitolo yapakona. Asanabwere pamenepo anasoka nsalu za mabedi kuchipatala zaka makumi awiri, ndipo luso lotsinali analibera kwa anamwino.

"Khungu ndi lasitiki wa kabudula," ankatero. "Dzuwa, fodya, mowa, ludzu ndi ukalamba, zonsezi zimamukhwefula."

Woyendetsa minibasi wina, wosuta ngati ng'anjo, anamutsina m'mawa. Anapita maulendo atatu, kubwera masana khungu lidakali chiimire.

"Mayi, nditani?"

"Siya fodya, mwanawe. Apo ayi uzikolowekapo makiyi."

Mwini sitoloyo anali ndi chimimba choti chinkalowa pakhomo Lolemba, mwiniwake n'kufika Lachiwiri. Dokotala atamuletsa zonona anaphwa, khungu n'kutsala lendelende. Mayi Lasitiki anamuzungulira ndi tepi m'khosi.

"Achimwene, apa patuluka malaya awiri ndi kapilo. Ndipinde kapena ndidule?"

Inenso sindinapulumuke. Tsiku lina ndinadzuka ndi matsire, ndikunamizira malungo. Ananditsina pamaso pa akazi anga.

"Malungo amenewa amagulitsidwa m'botolo. Mayi, mpatseni madzi ndowa imodzi, ina mumuthire."

Koma iwe wachisamba, tchera khutu, chifukwa apa ndi pako. Unali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ukutsegula m'mimba tsiku lachitatu. Tonse m'nyumba tinagwirizana kuti ndi mano akumera, zitha zokha. Ine ndiye ndinkalankhula mokweza kuposa onse, ngati ndinamerapo mano kasanu. Masana amenewo mayi ako anakubereka kupita kukatenga siketi yawo, ine ndikuwaperekeza. Unali utasiya kulira, ndipo tinkati wayamba kupeza bwino.

"Tamutsitsani mlendoyo ndimupatse moni," anatero Mayi Lasitiki.

Anakutsina pamimba. Khungu linaima ngati khwinya la nsalu, osabwerera. Ndinadikira nthabwala, koma siinabwere.

"Wakodza liti?"

"Dzulo m'mawa," anayankha mayi ako.

"Ndi mano chabe, mayi," ndinatero ine.

"Bambo inu, tsekani pakamwa, imitsani galimoto."

Pamakina panali diresi la mkwatibwi, singano ili m'kati, ukwati uli mawa lake. Analisiya pomwepo. Anasungunula shuga ndi kamchere m'madzi owiritsa a m'fulasiki mwawo, n'kumakudonthezera ndi kasupuni. Minibasi yoyamba kufika inali ya wosuta uja. Anatsitsa anthu onse, ndipo sindinaonepo chigalimoto chokalamba chikuuluka chotero. Kuchipatala anakuika diripi, namwino n'kutiuza kuti tikanadikira mpaka dzuwa kulowa, bwenzi tikunena zina.

Mkwatibwi uja anavala diresi la mkono umodzi wogwirizira ndi mapini. Atamva chifukwa chake, anabwera yekha kudzakuona.

Chaka chatha, Mayi Lasitiki atagona osadzukanso pabedi, ndinapita kukawazonda. Ndinati lero ndibwezere. Ndinawatsina padzanja pang'onopang'ono, khungu lopyapyala ngati pepala, ndipo linangokhala momwe ndinalisiyira. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu wagwira ntchito zaka makumi asanu ndi atatu. Mulekeni apume. Nanga kamwana kathu kaja?"

"Kakula, mayi. Tsopano kamandiposa msinkhu."

"Basi, ndiye ndinasoka bwino."

Pakhonde paja tsopano pali munthu wokonza mafoni, waulemu wake, koma sakweza maso. Anthu amadutsa ndi manja awo mwamtendere, ndipo amayi obereka ana palibe amawaimitsa. Iwe ukamasamba, tayang'ana pamimba pakopo. Palibe ngakhale kachipsera, khungu linabwerera bwinobwino. Amene sitinabwerere ndife a mumsewu uno.