Denga la Kanyumbu

Ana inu, chibwerereni ku Bulawayo ndazungulira mudzi wonse uno, nkhokwe sindinaione ndi imodzi yomwe. Chimanga mukugona nacho kuchipinda ngati wodwala. Pamene ndinkachoka, nyumba iliyonse inali ndi yake, ndipo malemu mkazi wanga Nangozo ankati nkhokwe ndiyo idabala mudzi. Mwambi wake udayamba chonchi.

Kalekale anthu ankangoyendayenda, kusaka nyama ndi kukumba mizu. Ataphunzira kulima, munthu wina dzina lake Kanyumbu adakolola mapira oposa mimba yake. Adaluka nkhokwe yansungwi nathiramo otsalawo. Denga adamangira pansi, nalifolera bwinobwino.

"Amuna anga, itanani anzanu mukweze," adatero mkazi wake Nachisale. "Mitambo iyo yada."

"Kuti asuzumiremo? Mawa adzabwera ndi malichero!"

Mlamu wake Tsilizani adatulukira. "Alamu, chipewa chonsechi n'cha mutu wanu womwewu? Ndigwireko?"

"Pitani, alamu. Ndikungoyanika udzu."

Tsilizani atapita, Kanyumbu adakwawira pansi pa denga nalidzutsa ndi mutu. Lidamutseka maso. Adadzandira uku ndi uku, nkhokwe n'kuipitirira.

"Nachisale, ndafika?"

"Mwafika kudzala!"

Mphepo yamkuntho idalowa m'dengamo, idamuzunguza, khosi lidangoti thyo! Denga lidamuvindikira ngati nkhuku m'dengu. Ali momwemo mvula idakhuthuka, nkhokwe ili yasa. Mapira adamera, kenaka adaola.

Njala itafika, Nachisale adatenga mwana napita kwa abale ake. Kanyumbu adabwerera kokumba mizu, khosi lili chopindika, ndipo adafa akuyang'ana kumbali.

Anzake adatolapo nzeru. Adamanga nyumba moyandikana kuti azikwezerana madenga. Chakudya chitayamba kugonera chaka, ena adapeza nthawi youmba mbiya, ena yosula makasu, alendo nawo adabwera ndi mchere kudzasinthitsa. Mudzi udakula chotero.

Kale ndikalumpha pena, Nangozo ankandidula pakamwa n'kukonza. Lero palibe wondikonza. Wina mwa inu amene dzanja lake silinjenjemera ailembe nkhaniyi ndisanamutsatire Nangozo kumanda, ndipo kumapeto aikeko mawu amene Nachisale adasiyira mwamuna wake akubereka mwana kumsana: "Mutu umodzi susenza denga."