Chimbuya Chathyola Magalasi Anga

Lolemba
Chigongono cha Mulenga chapezanso magalasi anga. Ndi okhawa, ndinagula ndili ku koleji, ndipo pepala la uphunzitsi likugonabe m'sutikesi. Akasweka ndatha. Basiketibo yathu ya pa komboni ya Mtendere ikufuna malamulo. Ndalemba pa katoni:
1. Wochitidwa faulo anene yekha.
2. Mpira ubwerere kwa iye.
3. Wotsutsa atuluke.
4. Wochita dala atulukenso.

Lachiwiri
Ndawawerengera pansi pa ringi. Onse aombera m'manja. Mpira woyamba, Mulenga wandiponda phazi. Ndikuti faulo. Iye: "Iwe wodya mbeba, mfumu ikaponda kapolo wake ni faulo?" Bwalo lonse kuseka. Iye ndi Mubemba, ine wa ku Chipata, ndipo mwambo wa chimbuya wa mitundu yathu iwiriyi ukuti mbuya wako akakunyoza sukwiya, umangobweza. Sindikwiya. Ndikulemba.

Lachitatu
Lamulo lachisanu: chimbuya chitsale kunja kwa mzere. Mzere ndi wamakala. Mulenga waufuta ndi patapata.

Ba Tembo, dikoni wa zaka zake, andikoka malaya tikulimbirana mpira mpaka batani kuthothoka. Ndikutsegula pakamwa, iwo: "Mwana wanga, wakamba chinthu?" Ayi, bambo.

Lachinayi
Nzeru ya ku koleji: Mubemba alondere Mubemba mnzake, wakummawa ngati ine alondere wakummawa. Chimbuya chafa!

Chauka lisanakwane ola. Mulenga wagwetsa Chanda, Mubemba mnzake, n'kulengeza kuti iyeyo amayi ake ndi a ku Katete, kwathu kummawa. Lero aliyense ali ndi agogo a mtundu wina. Ndakhala nawo anthu awa zaka zisanu, agogo onsewa sindinawamvepo.

Lachisanu
Chabwino. Nanenso ndili ndi chigongono. Ndasankha Junior, wamtali uja wogulitsa matomato, ndamupatsa cha m'nthiti. "Ni chimbuya chabe, wodya kolwe iwe." Ndi mmene timanyozera Abemba, kuti amadya anyani.

Junior ndi Mutonga. Ambuya ake ndi Alozi, ine sindili kanthu kwa iye. Watenga katoni yanga, wawerenga lamulo lachinayi mokweza, popanda kulakwitsa liwu. Ndatuluka. Munthu woyamba kulangidwa ndi malamulowa ndi mwini wake. Ndiye kuti amagwira ntchito.

Loweruka
Ndikudumpha, Mulenga akudumpha. Phwa. Galasi lakumanja lili zidutswa pa simenti, lakumanzere lang'aluka pakati. Mulenga watola chimango, wachimanga ndi waya, wandiveka yekha. "Mbuya wanga, iyi yeve ni faulo. Tenga mpira."

Ndautenga. Ndikuona maringi awiri. Ndaponya pakati pake.

Lamulungu
Ku tchalitchi ndapereka moni kwa chipilala. Madzulo abwera onse kunyumba, Ba Tembo patsogolo. Akuti kusewera sindingathe, koma bwalo likufuna woimba wezulo, ndipo agwirizana kuti ndine ndekha amene sindingakondere, poti sindiona amene wamenya.

Ndavomera. Ndiziimba ndikamva kulira. Koma mawu a Mulenga ndimawadziwa bwino, ndipo akadzalira iye, wezulo idzakhala m'thumba.