Tsiku lomwe kafukufuku wanga wa khofi anandikana

Anzanga, ine cholinga changa chinali chabwinobwino. Ndine mlangizi wa zaulimi, kwathu ndi ku Mulanje koma ntchito inanditumiza ku Misuku. Pamaphunziro anga ndinachita kafukufuku wa mbozi zoboola tsinde la khofi, ndipo alimi anandithandiza kwambiri, kukwera nane mapiri, kundionetsa mitengo yodwala. Ndinawalonjeza kuti zotsatira zikatuluka ndidzabwera nazo, sindidzachita ngati ofufuza ena amene amafunsa mafunso n'kusowa.

Basi nkhani yomwe ndinalemba ya kafukufukuyo inatuluka m'magazini ya akatswiri ya pa intaneti, ya kunja. Ine chimwemwe! Ndinaitanitsa msonkhano m'holo ya tchalitchi, ndinabwereka pulojekita ku Boma, jenereta kwa wagolosale, abusa n'kuvomera kudzatsegula ndi pemphero. Kope langa linapita ndi laputopu yakale yomwe inanyowa ndi mvula, koma ndinati vuto lili pati, si nditsegula pa intaneti pomwepo anthu aone dzina langa likuwala pakhoma?

Holo inadzaza. Ndinapereka moni wanga wa Chitumbuka chothyokathyoka, anthu n'kuyankha mwaulemu, kenaka ndinalumikiza foni ku laputopu. Mutu wa nkhani unaoneka, dzina langa pansi pake, amayi mpaka nthungululu. Nditadina kuti tiwerenge, panatuluka kachithunzi ka loko ndi mawu akuti ndilipire kaye, m'madola.

Bambo Msukwa, wapampando wa alimi, anafunsa, "Alangizi, yasowa kiyi?"

"Ayi adada, makinawa sanandizindikire chabe."

Ndinalemba m'kabokosi kofunsira thandizo kuti ine ndine mlembi wake, tsegulani. Kuiwala kuti zonse zikuoneka pakhoma! Yankho linabwera msangamsanga, ndipo mphunzitsi wina wa pasekondale, amene palibe anamupempha, anayamba kumasulira mokweza: akuti umwini wa nkhaniyi munaupereka kwa ife tsiku lomwe munavomereza mgwirizano. Mgwirizano uti? Kenaka ndinakumbukira tsamba lalitali lija la timalemba ting'onoting'ono, lomwe ndinangodina kuti ndavomera osawerenga ngakhale mzere umodzi, chifukwa netiweki inali ikuthawa.

Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti mbozi zathu munagulitsa kwa azungu?"

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo n'kufotokoza pakamwa, poti zonse zinali m'mutu mwangamu. Ine ayi. Ndinakumbukira kuti mnzanga wina wa kukoleji ananditumizirapo adiresi ya tsamba lina lomwe amati limatsegula mabuku otsekedwa mwaulere, lakuseri. Ndinati dikirani pang'ono, ndikudziwa njira ina.

Abale inu! Tsamba lija litatseguka, khoma lonse la tchalitchi linadzaza ndi mtsikana wovala zosakwana n'kansalu kopukutira m'manja, akuphethira diso, pamwamba pake mawu akuthwanima kuti ali pafupi nane ndipo akundifuna. Ndinadina kuti nditseke, panatuluka wina. Ndinadinanso, anabwera awiri, nyimbo n'kuyamba. Abusa anaphimba nkhope ndi chipewa, amayi anatembenukira kukhoma lakumbuyo, achinyamata ali gwa kuyang'ana ngati mayeso. Ine kufuna kuzula waya wa pulojekita ndinazula wa sipika, zithunzi zili pompo. Anatipulumutsa ndi wagolosale, amene anathamanga kukazimitsa jenereta.

Zithunzi zija zinazima. Kenaka bambo Msukwa anatsokomola n'kunena mofatsa, "Yewo alangizi, taona. Koma pa minda yathu ija, awa munawapeza m'munda mwa ndani?"

Anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja. Zotsatira ndinafotokoza pakamwa, thukuta lili kamukamu, ndipo anamvetsera bwino ndithu, kungoti mpaka lero ndikadutsa pa njinga yamoto achinyamata amakuwa kuti, "Alangizi, kafukufuku!"

Nkhani yanga yotsatira ndidzaitumiza kumagazini yoti aliyense awerenge mosalipira, ndipo timalemba ting'onoting'ono ndidzawerenga tonse, netiweki ithawe isathawe. Za pulojekita m'tchalitchi, ngakhale mutandigwira pakhosi, ine ayi.