Mwini Jombo Ndinamupeza ndi Masamu

Pali anthu kwa Mavwere amene mpaka lero akandiona amafunsa kuti, "Sikelo mwaisiya kuti?" Ine ndimangoseka nawo, koma mkatimu mumawawa.

Chinali chaka cha njala ija, mvula ili pakati. Fodya anali atandigwetsa, nkhokwe ili mbee, koma kunyumba kwanga tinkadyabe. Sindinadzifunse kuti zikutheka bwanji (mwamuna akakhuta mafunso amatha).

Tsiku lina m'mawa ndikuzungulira kuseri kwa nyumba, ndinaona mapazi a jombo m'matope. Anatuluka m'chimanga n'kudzaima pakhomo pa khitchini. Ine jombo ndinalibe. Mkazi wanga, amake Tiya, ndi chiphadzuwa, ndipo anthu ankanena ine ndikumva kuti ndinangomutola mwamwayi.

Munthu wabwinobwino akanafunsa. Koma ine ndinafika Fomu 2, ndiye ndinakumbuka aphunzitsi a sayansi. Ankati ukafuna kudziwa mmene chinthu chikupsinjira pansi, utenge kulemera kwake ugawe ndi kukula kwa malo amene chapondapo. N'chifukwa chake msomali umalowa m'thabwa koma chala ayi. Ndinati basi, dothi ndi lomweli, ndikapeza jombo yofanana, chotsala ndi kulemera kwa mbavayo.

Phazi limodzi ndinalivundikira ndi beseni kuti nkhuku zisafufute umboni. Ndinakabwereka jombo ya saizi yomweyo, n'kuponda pambali pake. Aa, kanga kanali kachidindo chabe! Ndinatenga thumba, n'kumaikamo njerwa, kusenza, kuponda, kuyeza ndi kamtengo, kuwonjezera ina. Mapazi obwerera kuchimanga anali osazama kwenikweni, ndinawaona ndithu, koma ndinati wakuba pobwerera amanyang'ama.

Amake Tiya anasuzumira. "Bambo a Tiya, njerwazo mukuvina nazo bwanji?"

"Ndikuyesa dothi," ndinatero, osawayang'ana.

Phazi langa litazama mofanana ndi la mdani, ndinapita ndi thumba langa pamsika, pa sikelo ya mavenda. Ine ndi njerwa pamodzi, makilo 110.

Tsono m'chaka cha njala, munthu wa makilo 110 m'dera lonse anali mmodzi: a Jere, ogulitsa nyama ya nkhumba pamsika pomwepo. Jombo ankavala tsiku ndi tsiku. Komanso anafunsirapo mkazi wanga ine ndisanabwere, ndipo akamamugulitsa nyama ankaseka mpaka mano a kumapeto kuoneka. Ndinkadana nako kusekako, ndinkadana ndi mimba yawo, ngakhale njinga yawo ndinkadana nayo.

"A Jere, takwerani pasikelopa."

"Ndasanduka nkhumba ine?"

Anthu anaseka, n'kuyamba kuwachemerera, mpaka anakwera mwanthabwala. Makilo 113. Atatu apamwambawo ndinati ndi chakudya cha m'mawa.

"Kuseri kwa nyumba yanga mumafunako chiyani?" ndinakuwa msika wonse ukumva.

A Jere anaika mpeni pansi (ndimathokozabe Mulungu pa chimenechi). "Achimwene, tayang'anani mimbayi. Ingadutse m'mizere ya chimanga chanu osathyola ndi phesi limodzi lomwe?"

Linali funso labwino, koma nsanje ilibe makutu. Ndinawauza kuti tikaonana kubwalo la milandu.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza amake Tiya atakhala pakhonde, zovala atamanga m'chitenje, Tiya ali kumsana. Apo mantha anandigwira, chifukwa mkaziyu ndinkamukonda koopsa, komabe ndinatola khala n'kuyamba kulemba masamu anga pakhoma. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Mwatha?" anafunsa. "Dikirani, mwini jombo ndamuitanitsa."

Posakhalitsa chimanga chinagwedera. Munatuluka jombo, pamwamba pake timiyendo towonda, pamwamba pa timiyendoto thumba la chimanga. Anali apongozi anga, bambo awo a amake Tiya, munthu amene chikwatirire sindinamuyang'anepo m'maso. Anali atagulitsa ng'ombe yawo, n'kumakagula chimanga kutsidya ku Zambia kudzera njira za ku Kachebere. Kwathu ankazembera kuseri m'bandakucha kuti mkamwini wawo ndisachite manyazi, anthu asadziwe kuti banja langa likudyetsedwa.

Anatula thumba, n'kukhala chondifulatira monga mwa ulemu wake.

"Ndamva kuti kuno kuli odziwa masamu," anatero akuyang'ana kuchimanga. "Ine ndi makilo 60. Thumbali 50. Tawonkhetsani, bambo."

Ndinawonkhetsa. Abale inu, sindinaphonye ndi kilo imodzi yomwe! Chiyambire sukulu sindinakhozepo samu bwino chonchija, ndipo ndinalakalaka dothi lomwe ndinkayesalo litandimeza.

Amake Tiya anapitabe kwawo. Anabwerera patatha milungu, ankhoswe atatha mawu, inenso nditapereka tambala wanga yekhayo kwa a Jere, amene anamulandira akuseka mpaka mano aja kuoneka.

Apongozi sanasiye kutithandiza, koma njira ya kuseri anaisiya. Anati safuna kusokonezanso masamu a mkamwini. Ankabwera masana dzuwa lili paliwombo, kudzera pakati pa mudzi, thumba lili pamutu, n'kuima pabwalo.

"Odi kuno! Chimanga cha aphunzitsi chafika!"

Ndinkatuluka, kugwada, n'kulandira ndi manja awiri, azimayi a pachitsime akuonerera. Nsanje ndikadali nayo, ndisakunamizeni. Kungoti masiku ano ndikaona phazi lachilendo kuseri, ndimayamba ndakasuzumira m'dengu la ufa.