Odi pa Chitseko Chamagetsi cha ku Cuamba

Ku Cuamba kuli ofesi ina yogulitsa mbewu ndi feteleza imene ndikafikako masiku ano, gwarda, kunena mlonda wake, amandilonjera ndi ulemu wonse, kenaka n'kukaima kutsogolo kwa bokosi la magetsi manja ali kumbuyo. Tonse awiri tikudziwa chimene ndinachita pamalopo. Popeza nkhaniyi inafika kale ku Mandimba ndi ku Ngauma itathiridwa mchere wambiri, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Choyamba mudziwe kuti ine si munthu wamba pa zamagetsi (kapena ndinene kuti umu ndi mmene ndinkadzionera). Ndinabadwira ku Ngauma, nkhondo inatithamangitsira ku Malawi, ndipo kumeneko ndinaphunzira kukonza mawailesi kwa mkulu wina amene wailesi iliyonse ankayamba waimenya kaye khofi asanaitsegule. Titabwerera kwathu ndinakhazikika ku Mandimba n'kuika kabenchi kanga pafupi ndi msika. Wailesi, tochi, sola, foni yogwera m'chitsime, zonse zimabwera kwa ine. Zina zimachira, zina zimafera m'manja mwanga, koma anthu amanditchabe Mesitiri, kunena katswiri, ndipo dzinalo linandilowa m'mutu.

Mwana wanga woyamba, Rozalina, atamaliza sukulu anakhala pakhomo zaka ziwiri akuthandiza amake kukazinga mandasi. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka zala kuuma, yankho osabwera. Kenaka ofesi ya ku Cuamba ija inamuitana kuti akayesedwe pa ntchito yolandira alendo. Ananyamuka tsiku limodzi mayeso asanachitike n'kukagona kwa azakhali ake. M'mawa mwake foni inalira, mwana akulankhula ngati akufuna kulira. Setifikado yake ya sukulu anaiiwala m'Baibulo la amake, mmene anaiika kuti iwongoke, ndipo anali atauzidwa kuti wopanda setifikado yeniyeni asadzivute n'kukhala pampando. Mayeso anali 2 koloko masana.

Amake anafuna kupita okha, ine ndinakana. Ndinati za m'tauni zimafuna munthu amene anaonapo dziko. Anangondiyang'ana, n'kukulunga pepalalo m'pulasitiki, n'kulilowetsa okha m'thumba lam'kati la jekete yanga.

Za ulendo wa pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, sindinena zambiri. Ndinakhala pakati pa thumba la nsomba zouma za ku Amaramba ndi mayi wina amene anagona paphewa langa kuchokera ku Mandimba mpaka tinaona phiri la ku Cuamba. Ndinatsika kutatsala theka la ola, ndikununkha ngati msika wonse, koma pepala lili bwinobwino.

Ofesiyo inali nyumba yatsopano ya penti yoyera, chitseko chake chachitsulo, chachikulu, chopanda ndi kagalasi komwe. Chogwirira chinalipo koma chosazungulira. Pambali panali kabatani, pamwamba kakamera kakang'ono ngati diso la nkhuku. Gwarda kunalibe (anali kumbuyo akuwerenga matumba otsika m'lole), ndipo foni ya Rozalina inali yozima chifukwa oyesedwa onse anawauza kuti azimitse.

Tsono kwathu munthu sulowa m'nyumba ya eni ngati mbuzi. Umaima, kuvula chipewa, kuomba m'manja n'kunena odi, ndipo umadikira mpaka mwini nyumba akuyankhe ndi pakamwa pake. Ndili mwana ku Massangulo, konko ku Ngauma, bambo anga anandipotokola khutu chifukwa cholowa m'nyumba ya aphunzitsi ndisanayankhidwe, ndipo khutu limenelo limakumbukabe mpaka lero. Choncho ndinavula chipewa, ndinaomba m'manja katatu, ndinanena odi wanga waulemu. Kunali zii.

Ndinadina kabatani kaja. Nthawi yomweyo chitseko chinalira, dzzzzz, ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Ndinalumphira kumbuyo. Chinalira pang'ono n'kusiya. Ndinakonza jekete, ndinayang'ana uku ndi uku ngati wina wandiona, ndinanenanso odi mokweza. Chinaliranso, ulendo uno motalikirapo, ine chilili chipewa chili m'manja, kudikira munthu. (Ndikuuzeni pompano zimene ine ndinazidziwa mochedwa. M'katimo munali mayi wa pa desiki amene amandiona pa kakamera kaja, ndipo kulirako anali iyeyo akunditsegulira. Changa chinali kungokankha basi. Mayiyo anadina mpaka chala chinamupweteka.)

Chitalira kachisanu, Mesitiri anadzuka mwa ine. Kulira kumeneko ndinkakudziwa, ndi mmene wailesi imalirira ikatsala pang'ono kutulutsa utsi. Ndinayandikira n'kukhudza felemu ndi kumbuyo kwa chala. Inali yotentha. Zoti dzuwa la Okutobala lakhala likuiomba kuyambira m'mawa sindinaziganizire. Ndinanunkhiza, ndinamva fungo la chinthu chowauka, osadziwa kuti ndikununkhiza jekete yanga yomwe. Basi nkhani yonse inalumikizana m'mutu mwanga. Waya wakhudza chitseko, anthu m'katimo akuopa kuchigwira n'chifukwa chake sakundiyankha, nyumba ipsa posachedwa, ndipo mwana wanga ali momwemo.

Ndisaname, mantha analipo, koma panalinso kena. Ndinadziona kale mkulu wa ofesi akundigwira chanza ndi manja awiri, akufunsa kuti mwana wa munthu wanzeru chonchi ndi uti kuti ayambe ntchito mawa.

Ndinazungulira kumbali kwa nyumba n'kupeza bokosi la mita lili losakhoma. M'kati munali swichi yaikulu. Ndinaigwira mwamphamvu ngati munthu wodziwa chimene akuchita n'kuitsitsa. Inatsika ndithu, koma pulasitiki yake inali itauma ndi dzuwa, ndiye chogwirira chonse chinathyoka n'kutsalira m'manja mwanga. Makina oziziritsa mpweya amene ankalira pakhoma anangoti zii. Ndinabwerera kuchitseko mtima uli m'malo, ndinadina kabatani, chitseko osalira. Ndinati ndachiza. Ndinanenanso odi, ndipo ulendo uno ndinayesa kukankha pang'ono ndi chala chokulunga mpango. Chitseko chinali gwa.

M'katimo munayamba phokoso, wina akumenya chitseko ndi chikhatho. Gwarda anatulukira akuthamanga. Zenera lina la zitsulo zoteteza akuba linatseguka, panaoneka nkhope ya bambo wa tayi, amene gwarda anamutchula kuti shefi, kutanthauza bwana. Anafunsa m'Chipwitikizi, kenaka m'Chinyanja, kuti wazimitsa magetsi ndani. Ine ndinakweza dzanja monyadira, kapulasitiki kothyoka kali m'zala.

"A shefi, musaope, ndine ndazimitsa. Chitseko chanuchi chimafuna kupsa."

Anayang'ana kapulasitikiko nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo, chitsekocho chimakutsegulirani."

Zotsatira ndinazimva pang'onopang'ono, chilichonse chikundibaya pachokha. Loko ya chitsekocho, magetsi akazima, imagwira osasiya. Chogwirira cham'kati shefi anachichotsetsa yekha chifukwa antchito ankazembera ku msika, ndiye kutuluka komwe kunali kodina batani. Kabatire kamene kanayenera kuthandiza magetsi akazima anakabwereka kalekale n'kukaika m'pampu yopopera mankhwala yoonetsera alimi. Kiyi anali ndi wosunga katundu, amene anapita kumidzi ndi galimoto m'mawa. Chitseko chakumbuyo anali atangochitchinga kumene ndi matumba a feteleza mpaka kudenga. Anthu oposa khumi ndinawatsekera m'nyumba ya malata, masana a Okutobala, ku Cuamba.

Anthu a m'tauni safuna kuitanidwa. Posakhalitsa panadzaza a njinga zonyamula anthu, amayi ogulitsa nthochi, ndi ena amene ntchito yawo ndi kungopezeka pamene pachitika zinthu. Nkhani yanga inkafotokozedwa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakhuwa nthawi imodzi. Chimakhuwa sindimva kwenikweni, koma Chiyao ndimamva bwino, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wosachimva. Ndinayesa kukweza chotsalira cha swichi ndi kamtengo, gwarda anandigwira mkono n'kundipempha mwaulemu kuti manja anga ndiwaike m'thumba.

Shefi atamaliza kuimbira mmisiri foni, anabweranso pazenera tayi atamasula, n'kufunsa kuti kodi kwenikweni ndadzatani. Ndinatulutsa setifikado ija n'kumupatsira pazenerapo. Anawerenga dzina kudzera m'pulasitiki, anandibwezera, anatembenukira m'kati n'kufunsa kuti Rozalina ndi uti.

Ine mumtima ndinkapemphera kuti mwanayo andikane. Akanati sakundidziwa, ndi wamisala wina wangotola pepala panjira, ndikanavomereza pamaso pa anthu onsewo, ndipo sindikanamusungira chakukhosi. Zaka ziwiri za mandasi zinali kundiyang'ana m'maso. Koma Rozalina anabwera pazenera, bulauzi imene amake anaisita kawiri itanyowa ndi thukuta.

"Ndi bambo anga. Andibweretsera setifikado kuchokera ku Mandimba."

Kenaka anatulutsa manja onse awiri pakati pa zitsulo zija, anawerama pang'ono n'kulandira pepalalo.

"Zikomo bambo. Mwayenda bwanji?"

Akanandikalipira zikanakhala bwino. Moni umenewo unandipweteka kuposa zonse zimene a njinga ankanena, ndipo ndinayankha kuti ndayenda bwino maso ali pansi, misozi ili pafupi.

Mmisiri weniweni anafika pa njinga yamoto patapita pafupifupi maola awiri. Anasintha swichi, makina a pakhoma anayambanso kulira, chitseko chinati dzzzzz, gwarda anachikankha ndi chala chimodzi (chimodzi chokha, abale) n'kutseguka. Anthu anatuluka ngati mbatata zofukulidwa m'phulusa. Mmisiriyo, atamva kuti inenso ndimatchedwa Mesitiri, anandiitana kuti ndione. Anandionetsa kachitsulo kakang'ono kokwiriridwa m'felemu, pamene kalilime ka loko kamalowa, ndipo anati dzina lake ndi tirinko. Kachitsuloko kamagwira kalilimeko ngati mano. Wina akadina batani, magetsi amakafewetsa kwa kanthawi kochepa, ndipo kulira kuja n'chizindikiro choti kasiya, kankhani. Anati ilipo mitundu iwiri, ina imatseguka magetsi akazima, ina imatseka, ndipo shefi anasankha yotseka poopa akuba. Ndinkagwedeza mutu ngati ndikumuyesa mayeso, koma zonsezo ndinkazimva koyamba.

Amene anandidabwitsa ndi mayi wa pa desiki uja. Ndinkayembekeza kuti andidya wamoyo, koma ukali wake wonse anautembenuzira kwa shefi. Anati ine sindine woyamba. Tsiku ndi tsiku alimi amaima pachitsekopo zipewa zili m'manja akunena odi, iye amadina mpaka kutopa, ndipo ambiri amabwerera n'kukagula mbewu kwina poganiza kuti eni ofesi akuwanyoza. Anati wakhala akunena zimenezi koma palibe womumvera, kusiyana kwake n'kwakuti enawo sadziwa kumene kuli swichi. Shefi anangolengeza kuti mayeso achitika mawa lake, ndipo anapempha kuti makolo atsale kunyumba.

Ndinabwerera ndekha ku Mandimba. Nkhani inali itafika kale, chifukwa foni imathamanga kuposa chapa. Amake Rozalina anangopempha kapulasitiki kaja, kamene ndinali ndikadali nako m'thumba, n'kukaika pamwamba pa kabati poonekera aliyense wolowa m'nyumba. Masabata awiri tinadikira yankho. Chakudya sichinkatsika, ndipo kubenchi kwanga aliyense wobweretsa wailesi ankayamba waima patali, kuvula chipewa n'kulira dzzzzz ndi pakamwa.

Yankho litabwera, Rozalina ndiye anatifotokozera mmene zinayendera. Shefi anafunsa oyesedwa onse funso limodzi lofanana, kuti akanatani ndi munthu woima pachitseko akunena odi osalowa. Ena anati alemba chikwangwani, wina anati aika belu lalikulu. Rozalina anati alimi ambiri sawerenga zikwangwani, ndipo vuto si lakuti samva kulirako. Munthu akanena odi amafuna ayankhidwe ndi munthu mnzake, choncho iye angadzuke pampando n'kukamuyankha. Ntchito anamulemba. Chogwirira cham'kati anachibwezera, kabatire kanachoka m'pampu n'kubwerera pamalo pake, ndipo bokosi la mita analigulira loko yaikulu ngati ya pa khola la ng'ombe. Ine ndimati zonsezi ndi ntchito za manja anga, koma ndikanena zimenezi pakhomo amake amangoloza pamwamba pa kabati.

Mwezi wathawu ndinapitanso kukamuona. Tsopano tirinko ndimaidziwa mutu ndi mchira, ndipo ndafotokozerapo anthu ambiri kumsika mmene imagwirira ntchito. Gwarda anandilonjera n'kupita kukaima pamalo pake paja. Ndinadina kabatani, chitseko chinalira, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti changa n'kukankha. Dzanja linakana. Linapita lokha kuchipewa, pakamwa panatuluka odi, khutu lija likuyabwa. Chinaliranso kachiwiri, ine chilili. Kenaka ndinamva mpando ukusunthidwa m'katimo, chitseko chinatseguka ndi dzanja la munthu, ndipo mwana wanga anaima pakhomo akudziletsa kuseka.

"Odini bambo, lowani."

Ndinalowa. Phunziro la swichi ndinalimva, ndipo bokosi la eni sindidzaligwiranso. Koma zoti ndizilowa m'nyumba ya anthu chifukwa kachitsulo kalira, zimenezo akaphunzire ena.