Nkhoswe ya Pulinta Yanga

A Nasoko, taimitsani makina osokerawo, nanunso a Namilazi sendezani mpando kuno, chifukwa zimene ndalota usiku wathawu si zomvera munthu ali chiimire. Koma ndiyambe ndi za dzulo masana kuti musasokonezeke. Mukudziwa kuti Loweruka lino Mwandida wanga akukwatiwa, ndipo ndinalumbira pamaso pa apongozi kuti mapulogalamu a ukwati atuluka mushopu mwanga muno, pa pulinta imene malemu bambo ake anagula mwanayo akuyamba sukulu. Iwo pa ukwati sadzakhalapo, ndiye ndinati bola pepala lililonse lidutse m'chinthu chimene anachisenza okha pamutu kuchokera ku depoti. Dzulo a Mkwezalamba okonza makompyuta aja anandiikira sisitimu yatsopano, uja mwini nyumba wa m'kompyuta amene amalamula zonse zochitika m'menemo. Itangolowa, inaikana pulinta yanga. A Mkwezalamba anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, iyi yatha ntchito, kaitayeni." Ndinakagona osadya, mtima ukundiwawa.

Ndiye ndalota ndili mushopu momwemu dzuwa lili paliwombo, pulinta ikulira misozi yakuda ya inki. Inati, "Amake Mwandida, ndiberekeni tikadandaule. Ine ndatumikira banja lino zaka zonsezi, sindingachoke ngati wakuba." Ndinaibereka ndi chitenje changa chakumpingo, ndiye titangotuluka pakhomo tinapezeka tili kale pamzere ku Ofesi ya Apudeti, kuja makompyuta amalandirira zowonjezera zatsopano, kumbuyo kwa wailesi yothyoka mlongoti ndi ketulo imene inkadandaula za chifuwa.

Bwana wa ofesiyo, bambo wa tayi yofiira, sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Pulinta ndi kompyuta sizilankhulana zokha, mayi. Pamafunika nkhoswe, kapulogalamu kotenga mawu a uyu kukatula kwa uyo. Nkhoswe yake ili kuti?"

Ndinati, "Anakwatirana kalekale awa, bwana, mudzi wonse ukudziwa."

"Ukwati wa m'sisitimu yakale ife sitiuwerengera. Dikirani tifufuze."

Mwadzidzidzi tayi ija inasanduka lilime, jekete linachita mamba, bwana uja n'kukhala bilimankhwe pandodo yaitali yopingasa. Amati akaponya mwendo kutsogolo n'kugwedezeka, kenako n'kuubweza. Diso limodzi linali pa ine, linalo linkayang'ana chaka chamawa. Ankangoti, "Musazimitse, tatsala pang'ono." Ine ndi mtima wangawu mukuudziwa. Ndinamuuza kuti pang'ono pakepo adzafikapo mwana wanga ali ndi zidzukulu, ndiye ndinatuluka.

Panja panaima minibasi yoyenda chambuyo, kondakitala wake kiyibodi yoguluka mano atatu. Inkaitanira kuti, "Zakale, zakale, wotsala mmodzi!" Inandiuza kuti siteji iliyonse ndi sisitimu imene inalamulirapo kompyuta, ndipo tizibwerera mbadwo ndi mbadwo mpaka nkhoswe itapezeka. Ndinakhala pampando wapakhomo pulinta ili kumsana, ndiye mitengo inayamba kufupika, misewu yatala n'kumasanduka yafumbi.

Siteji yoyamba inali nyumba ya matailosi okhaokha amitundumitundu, yopanda chitseko. Mwini wake, mnyamata wa tsitsi lonyowa mafuta, anasuzumira padenga n'kunena kuti batani loyambira analichotsa chifukwa ndi lachikale. Anati, "Mukafuna kulowa, mundisisite ndi chala ngati foni." Ndinamuuza kuti ine ndine mayi wachigwirizano, asandizolowere. Iye anayamba kulira kuti anthu onse amamuyankha choncho, n'chifukwa chake sanakhalitse pampando, ndipo mng'ono wake atalowa ufumu anabwezeretsa chitseko tsiku lomwelo. Za nkhoswe sankadziwa kanthu.

Ndiye tinafika pa nyumba yagalasi, yokongola zedi, yoti mbale za m'kabati umaziona uli kumsewu. Mayi wake anatsegula pang'ono n'kufunsa kuti, "Mukufuna kulowa?" Ndinavomera. "Mukutsimikiza?" Ndinatsimikiza. "Mwalola kuti mutsimikize?" Pulinta inayetsemula kumsana kwangaku, mayi uja n'kudetsa nyumba yonse kuti afunse ngati kuyetsemulako kunali ndi chilolezo. Kiyibodi inandikoka dzanja n'kunena kuti tikachedwa apa tigona pompano, mayiyu ngakhale madzi akumwa amayamba wawafunsa mafunso.

Mwadzidzidzi minibasi inasanduka wilibala, ndiye inatikhuthula pa kaphiri ka udzu wobiriwira, kumwamba kuli mbee, mitambo itangoima osayenda. Malo amenewo ndinawadziwa msanga, ndinkawaona m'mawa uliwonse pa kompyuta yathu yoyamba. Pamwamba pake panakhala bambo wonenepa wa jekete labuluu, akuweta mitambo ija ndi kamtengo. Ameneyo ndiye sisitimu imene maofesi onse anaikonda, moti ataiuza kuti ipume pantchito anthu anaibisa m'zipinda zaka zambirimbiri. Atangoona pulinta anaimirira.

"Mlamu, ndinu? Mwakalamba bwanji!"

Pulinta inadumpha kumsana kwanga n'kukamugwa m'manja. Bambo uja anatembenukira kwa ine nati, "Ukwati wa awa ndinamangitsa ndine, mayi. Amuna anu ndikuwakumbuka bwino. Ankalemba ndi chala chimodzi lilime lili panja, ndipo pepala loyamba litatuluka anathamanga nalo kukaonetsa anthu kumsika." Anzanga, apo ndinalira. Ndinawasowa bambo a Mwandida ngati amwalira dzulo.

Ndinafunsa za nkhoswe, iye n'kuloza kumunsi. Kunkadutsa wakabaza, ndipo kumbuyo kwa njinga yake kunkanyezimira nkhoswe ija, sidi yomangidwa ndi waya. Sidiyo inakuwa ikupita kuti ikanabwera ndi mtima wonse, koma makompyuta a masiku ano anabadwa opanda pakamwa poilowetsera, ndiye inapeza ganyu yowalitsa njinga. Bambo uja anavula jekete lake n'kundipatsa. Anati, "Mawu onse amene nkhoswe inanena tsiku la ukwati ali m'thumba umu. Mdzukulu wanga amene akulamula panopayo akangovala, akumbukira. Koma za ine samva, amati ndine wachikale. Pitani kwa agogo athu tonse, ndi okhawo amene amawaopa."

Ndiye tinatsetsereka kaphiri kaja, tinadutsa bambo wina wotuwa, woyamba kubweretsa batani loyambira pakona, atanyamula kabotolo ka mchenga kamene ankangokatembenuza. Anati atipatse moni, nkhope yake n'kusanduka yabuluu, n'kugwa chagada. Kiyibodi inati tisadandaule, amatero kawiri patsiku, amadzuka akamuzimitsa n'kumuyatsanso.

Mwadzidzidzi kunada bii. Kunalibe windo, kunalibe chithunzi, ngakhale kamuvi kolozera. Kunali kamzere koyera kamodzi kokha kakuphethira pakona, ndipo kameneko kanali diso la agogo aja. Ndinagwada n'kuyamba moni wathu wautali uja, kufunsa za kunyumba ndi za mvula.

"Lamulo lolakwika," anatero agogo.

Ndinayambiranso mwaulemu woposa, kufotokoza za ukwati ndi za apongozi.

"Lamulo lolakwika."

Magazi anandikwera. Ndinagwira kondakitala uja pakhosi, n'kumugoneka pamiyendo panga, n'kulemba liwu limodzi lokha: TSEGULANI.

"Bwanji osanena kale," anatero agogo. "Ine nkhani zambiri sindimva, ndimamva chochita. Komanso mwazungulira dziko pachabe, mayi. Ine sindinasamukepo. Ana angawa amangomanga pamwamba pa maziko anga, wina kuboola mawindo, wina kupaka penti, wina magalasi, wina matailosi, aliyense n'kumauza anthu kuti nyumba ndi yatsopano. Ine ndili kuchipinda chakuseri mpaka lero."

Anakankha khoma ndi phazi, ndiye khomalo linatseguka ngati chitseko, n'kupezeka kuti tili mushopu mwanga muno. Pa tebulo panakhala sisitimu yatsopano ija, mnyamata wa suti yothina, fungo la perefyumu mpaka pakhonde. Anandimwetulira nati, "Ndingakuthandizeni bwanji lero?" Nditamuonetsa pulinta anakwinya mphuno n'kunena kuti chipangizo chimenechi sakuchidziwa, koma akhoza kundionetsa masitolo ogulitsa zatsopano.

Diso la agogo linasiya kuphethira. Anangoti, "Vala jekete."

Mnyamata uja anayamba kunena za intaneti ndi za malamulo a masiku ano, koma ine sindinamudikire kuti amalize. Ndinamuveka ndekha jekete labuluu lija, mabatani mpaka m'khosi. Linamukulira, manja ake osaoneka. Anapisa m'thumba, anatseka maso, ndiye atatsegula anagwada pansi n'kuwomba m'manja pamaso pa pulinta.

"Pepani agogo aakazi, sindinakuzindikireni. Lowani, nyumba ndi yanu."

Pulinta inakwera yokha pa tebulo, inatsokomola kawiri, n'kukoka pepala. A Nasoko, mukanaona. Mapulogalamu ankatuluka n'kumauluka ngati nkhunda, kutulukira pawindo, kukatera pamadenga a Mponela yense. Wamatailosi anabwera akuvina, mayi wagalasi anavina osafunsa chilolezo kwa munthu, wotuwa uja anakomoka n'kudzuka yekha. Bilimankhwe anafika kumapeto a ndodo yake n'kubiriwira thupi lonse. A Mkwezalamba anasanduka mbuzi, ali pakona apo akutafuna mawu awo aja akuti kaitayeni, ndipo ankaoneka kuti akuwawa. Apongozi anatola pulogalamu imodzi, anaitembenuza uku ndi uku kufuna cholakwika, osachipeza. Ine ndinakwera pampando n'kuimba nthungululu mpaka kukhosi kuuma, chimwemwe chake sindinachimvepo chiyambire.

Ndiye m'kati mwa nthungululumo munayamba kumveka kaphokoso kena, kerere, kerere, tswii, kosagwirizana ndi ng'oma. Ndinatsegula maso, kunja kwayera, ine ndili pabedi panga, koma kaphokosoko osasiya. Kankachokera kuseri kwa khoma, mushopu muno. Ndinathamanga wopanda nsapato. Kompyuta ndinaiiwala yoyaka, ndiye apudeti yake inatha yokha n'kubwera ndi nkhoswe ija, ndipo pulinta inali kalikiliki kutulutsa mapulogalamu onse amene ndinaituma dzulo, maulendo onse amene ndinadina batani mwaukali. Mapepala anali mbwee pansi ponse, okwanira maukwati atatu.

Ndinatola limodzi. Pamwamba panali dzina la Mwandida, m'munsi mwake mwana wa malemu Yotamu Chimphepo, zilembo zakuda bwino, zosadukiza. Ndinaliika patsaya, linali lofundabe.