Sabata Yokayezetsa Mafupa a Amayi

Lolemba

Thoko, mnzanga wa ku koleji amene pano ndi namwino, waimba foni pa buleki. Akuti Loweruka ku Nathenje kukubwera ofufuza za mafupa, ndipo iye akuwathandiza. Akufuna amayi amene anasiya kusamba. Ali ndi kamakina koti ukaikamo chidendene kamanena ngati mafupa ali olimba kapena ayamba kufumbwa m'kati. Jakisoni palibe, kulipira palibe. Wopezeka ndi vuto amutumiza kwa dokotala. Tsiku ndi limodzi lokhalo, kenako akupita boma lina.

Mtima wanga uli pa Amayi. Chaka chatha anangoterereka pakhonde, kugwa koti mwana amadzuka n'kuseka, koma iwo mkono thyo! Chikhakha. Kale tinkalingana msinkhu, lero ndimaona pamwamba pa duku lawo. Komabe m'mawa uliwonse ali kudimba ndi makheni awiri, kuthirira nazale ya fodya.

Pulani:
- kuwafotokozera mwaulemu
- minibasi, osati njinga yamoto (mabampu!)
- osatchula mawu oti kukalamba

Ndimaphunzitsa bayoloje ku sekondale kuno ku Mitundu. Ana a Fomu 3 amandimva. Mayi mmodzi andikanike?

Lachiwiri

Nditaweruka, kumudzi. Amayi ali pamkeka, akusenda mtedza. Phunziro layamba. Fupa si mwala, lili ndi moyo. M'kati mwake muli ogumula ndi omanga, tsiku lililonse ogumula akuchotsa chakale, omanga akuika chatsopano. Mayi akasiya kusamba, ogumula amawonjezera liwiro, omanga n'kuyamba ulesi.

"Ngati anyamata amene anatimangira chigafa aja," akutero Amayi. Amva! Kenako: "Koma mafupa angawa sanadandaulepo kwa iwe."

Kuseri kwa mpanda kwasuzumira mutu wa Anambewe, oyandikana nawo nyumba, amene khutu lawo limodzi linapuma pantchito kalekale.

"Ati akubwera ndani?"

Ine mokuwa: "Ofufuza mafupa!"

"Ofukula mafupa? Mayo ine!"

Ndisanatseke pakamwa, atembenuka kale, chitenje chili m'manja, akuloza kumjigo. Kufufuza. Kufukula. Ndinakhala zaka zonse zija ku koleji kuti ndidzagwe pa mawu awiri amenewa.

Lachitatu

Zimene ndamva lero, kuchokera pageti la sukulu kukafika pamsika:
- ofukula afika kale, agona m'galimoto yoyera ku Nathenje
- sadikira kuti munthu afe
- amayambira kuchidendene (ichi chokha ndi choona, ndipo ndinanena ndine)
- wolowa m'makina amatuluka wofewa ngati therere
- ejenti wawo ndi madamu a bayoloje

Pogula nyama, wogulitsa wandifunsa mokweza: "Madamu, ya mafupa eti?" Ena aseka. Ena sanaseke, ndipo amenewo ndi amene akundidetsa nkhawa.

Pulani yatsopano. Munthu amakhulupirira chimene waona. Mu labu yathu muli munthu wa mafupa okhaokha, wa pulasitiki, wopanda mkono wamanzere, chibwano chomangidwa ndi waya. Ana amamutcha Ahedi Akale. Mawa Ahedi Akale akupita kukacheza kwa Amayi, akaone okha kuti nkhani ya mafupa ndi ya sukulu, si ya kumanda.

Nzeru zoterezi!

Lachinayi

Ndawakulunga m'zitenje ziwiri. Wakabaza wavomera, ndamuuza kuti ndi zipangizo zophunzitsira, ndipo si bodza. Ine pakaliyala, Ahedi pamiyendo panga chopingasa.

Pachigayo, pomwe pali mzere wa amayi ndi mabeseni awo, bampu. Chitenje chamasuka. Phazi loyera latuluka, likugwedezeka, zala zonse zili poyera ngati zikupereka moni.

Kukuwa kwake! Mgaiwa wa munthu wamwazika. Wakabaza waima, wandiyang'ana, wayang'ana phazi: "Madamu, ine ndili ndi ana." Wapita osatenga ndi ndalama yomwe.

Njira yotsalayo ndayenda pansi, Ahedi ndawabereka kumsana. Palibe wandipatsa moni. Njira yonse yanga ndekha.

Amayi avundukula chitenje, ayang'anitsitsa, kenako aseka mpaka kugwira msana. "Mkamwini amene takhala tikudikira uja ndi ameneyu? Koma ndiye waonda!" Agogoda chigaza ndi chala. "Pulasitiki. Ngati beseni langa." Awakhazika pampando wa malemu Ababa, awafunditsa chitenje kuti asazizidwe.

Ndiye kuti za ofukula sakuzikhulupirira n'komwe. Nanga akukaniranji?

Lachisanu

Ahedi enieni andiitana ku ofesi. Makolo awiri abwera kudzafunsa ngati ana awo ali otetezeka. Ahedi Akale abwerere Lolemba, "ndipo chonde, Madamu, m'katoni."

Madzulo kudimba. Ndalanda kheni imodzi, Amayi andilekera, akuyang'ana mmene ndikutayira madzi pamapazi anga. Tili pakati pa mabedi a nazale, akulankhula osandiyang'ana.

"Za Anambewe n'zopusa, ndikudziwa. Koma kamakina kakoko kakanena kuti ndatha, iwe ndi mlongo wako Limbani mudzandilanda khasu. Mudzandikhazika pa sofa ku Lilongwe, ndiziyang'ana TV mpaka kufa."

Akunena zoona. Chifukwa ine ndi Limbani tinakambirana zomwezo pafoni mwezi watha, mpaka chipinda chimene adzagone. Sofa yomwe tinaitchula.

Ndalonjeza kuti palibe adzawalanda kanthu. Mawu anga ndawamva ndekha kuti ndi opyapyala. Ndawauza za anthu amene amathyoka fupa la m'chiuno osadzukanso. Athirira bedi lonse kaye.

"Chabwino. Tidzaona mawa."

Ndinabadwira m'nyumba imeneyi, ndikudziwa tanthauzo la tidzaona. Komabe ndasita diresi lawo la maluwa.

Loweruka

Ndafika kwa Amayi m'mamawa. Pachitseko loko. Pawindo ndikuona Ahedi Akale okha, avekedwa duku.

Oyandikana nawo nyumba akuti Amayi apita kumaliro ku Malingunde. A ndani? A msuweni wa amuna awo a mayi wina amene anagona naye wodi imodzi nthawi ya chikhakha ija. Angatsutsane ndi maliro ndani? Andiposa nzeru.

Ndapitabe ku Nathenje kukapepesa kwa Thoko. Minibasi ziwiri, fumbi, nkhuku ya munthu pamiyendo panga. Pofika, mzere wautali wa amayi pansi pa mtengo, aliyense phazi limodzi lopanda nsapato. Kutsogolo kwenikweni, chidendene chili m'makina, banzi lili m'manja: Anambewe!

"Ndabwera kudzaona ndi maso anga," akutero, osachita ndi manyazi omwe. "Koma sizipweteka. Mayi ako bwanji osabwera? Umbuli basi."

Zotsatira zawo: mafupa olimba ngati a mtsikana. Dziko ili chilungamo mulibe.

Ndafunsa Thoko ngati sangabwereke kamakinako madzulo, tiwapeze Amayi akuchokera kumaliro. Wandiyang'ana ngati mmene ndimayang'anira mwana wokopera mayeso. "Kafukufuku sitikakamiza munthu, mnzanga. Ngakhale wokakamizayo akhale mwana wake." Wandiuza zoti ndichite pakadali pano: usipa wodya ndi mitu yomwe, mkaka ukapezeka, masamba, kukonza pakhonde poterera paja, katundu wolemera achepe. Kuchipatala, tsiku limene adzavomere okha.

Galimoto yoyera yanyamuka ndikuona.

Lamulungu

Amayi abwera. Za maliro sakunena, za Nathenje sindikunena. Usipa ndagula, uli pamoto.

Pokonzekera kutchalitchi andiitana kuchipinda. "Siketi iyi yatalikanso, ikusesa pansi. Telala uja amanyenga nsalu."

Siketi sitalika. Ndikudziwa, akudziwa. Ndinaipinda ndine chaka chatha.

Ndagwada ndi tepi, mapini ali pakamwa. Iwo aima njo, mmene msana ukuwalolera, maso ali pa Ahedi Akale pakona.

"Paja umati pamathyoka ndi pati?"

Ndaloza fupa la m'chiuno. Aika dzanja pa chiuno chawo.

"Makheni aja ndizinyamula imodzi imodzi. Koma khasu ndi langa."

"Ndi lanu, Amayi."

"Umuuzenso Limbani."

Ofufuza apita, kudzabweranso kaya. Mawa ndikufuna katoni yaikulu ndi wakabaza wosandidziwa. Pamsika ndikhalabe ejenti mpaka mvula igwe.

Kuyeza kumene alola ndi kwa tepi yangayi basi. Siketi ija ndaipindanso zala ziwiri.